Basi ya Pabalaza

Bambo anga anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi osagunda ngakhale nkhuku. Ngati simunamvepo zimenezi, ndiye kuti simunakhale nawo mphindi zisanu. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linayamba kunjenjemera, mwendo wamanja n'kumatsalira m'mbuyo, ndipo kuntchito anawatsanzika ndi wotchi yapakhoma. Chaka chathunthu anakhala pampando wa pazenera, maso ali pageti. Sankakalipa, sankadandaula, moti ine ndinkalakalaka atakalipako tsiku lina. Ndine mwana womaliza, wamkazi ndekha, choncho sipanachitike msonkhano wosankha woti asiye zake aziwasamalira. Zinangodziwika.

Munthu amene anasokoneza mtima wanga anabwera kwathu kudzakonza wailesi yakanema. Anali wamtali, wowonda, wosunga mawu ngati amachita kugula. Akulumikiza mawaya kuseri kwa kabati, anaona chithunzi cha Bambo ataima pambali pa basi yawo, atavala malaya oyera ndi tayi.

"Munkayenda maulendo ataliatali, bambo?"

Bambo, amene kuyambira m'mawa anali atangonena "zikomo" kawiri, analankhula ola lathunthu mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Lamlungu lotsatira mnyamatayo anabweranso osaitanidwa, katoni ili paphewa. Munali kompyuta yakale, chiwongolero chapulasitiki ndi zopondera ziwiri, cha moto ndi cha mabuleki. Anamangirira chiwongolero patebulo lodyera, n'kulumikiza zonse ku kanema uja. Mwadzidzidzi pabalaza pathu panatseguka msewu wautali, wooneka mmene amauonera munthu wokhala pampando wa dalaivala.

"Ndi gemu," anatero. "Koma si yothamangitsana ayi. Mulibe mfuti, mulibe woti mumupose. Mumangonyamula anthu apa, kukawatula uko."

"Zidole za ana," anatero Amayi.

Bambo anali atagwira kale chiwongolero.

*

Tsiku loyambalo linali loipa. Dzanja likanjenjemera, basi inkakhotera kutchire. Mwendo ukamafika pamabuleki, ngozi inali itachitika kale. Kachinayi basi inagunda galimoto yofiira imene inaima pamaloboti, magalasi n'kumveka kuphwanyika m'nyumba monse. Bambo anachotsa manja pachiwongolero pang'onopang'ono, n'kuwaika pamiyendo.

"Chotsani zimenezi," anatero, osayang'ana aliyense.

Mnyamatayo ndinam'peza pageti akumangirira katoni yake panjinga.

"Pepani," anatero. "Ndimaganiza kuti ziwasangalatsa. Ndawapweteka mtima."

"Munawaona mmene anakhalira pampando? Chaka chonsechi sanakhalepo tsonga chonchija. Palibe njira yoti basiyo isamagunde?"

Anazengereza. "Ilipo. Gemuyi ili ndi pothandizira anthu ongoyamba kumene. Ndikatsegula pamenepo, imaponda yokha mabuleki, imabwezera basi pamzere, ndipo kunjenjemera kwa dzanja siikumva. Koma ndiye kuti sakhala akuyendetsa okha. Tiyenera kuwauza."

"Mukawauza sadzaigwiranso. Simukuwadziwa inu."

"Ine kunamiza munthu wamkulu sindikonda."

"Ndiye musanene kanthu. Bodzalo likhale langa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndivomere, ndinagwiritsa ntchito maso amene Mulungu anandipatsa. Anamasula katoni ija. Mawa lake, ndikuwadula zikhadabo, ndinauza Bambo kuti vuto silinali iwo, chiwongolero ndicho chinali chisanamangidwe bwino. Anangoti, "Ndimadabwa," ndipo ndinaona kuti mawuwo anali akuwadikira.

*

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana pabalaza pathu pankasanduka basi. Bambo ankavala malaya oyera aja ndi tayi. Asanalize injini ankalamula mnyamatayo kuti azungulitse kamera, aone matayala onse limodzi limodzi. N'chifukwa chake anam'patsa dzina loti Kondakitala, ndipo linam'kanirira mpaka ine ndinaiwala kuti ali ndi lina. Kenako pemphero lalifupi, lamba wakale wa buluku amene anam'mangirira kumpando, indiketa, ulendo.

Munthu amene sanaionepo gemuyi sangamvetse kukoma kwake, poti mulibe chochitika. Msewu umangobwera. Minda ya tirigu, milatho, timatauni ta nyumba za madenga ofiira, ng'ombe zosalabadira za munthu. Nthawi zina mvula imayamba kudontha pagalasi, mawaipa n'kumapita uku ndi uku, injini ikulira chapansipansi. Mulibe maenje, mulibe wokuimbira hutala, mulibe bwana wokufunsa chimene wachedwera. Ine, amene ulendo wanga wautali unali wa kuchipatala ndi kusitolo ya mankhwala, ndinaona mapiri a chipale chofewa ndili pa sofa ya Amayi. Mapewa a Bambo, amene anali atakwera mpaka m'makutu, ankatsika pang'onopang'ono. Anga nawonso ankatsika.

Lamulo linali limodzi: dalaivala salankhulitsidwa, ndipo m'basi simuchitika phokoso. Choncho ine ndi Kondakitala tinkakhala pa sofa kumbuyo kwawo, pakati pathu pali khushoni, n'kumalemberana mameseji.

"Apaulendo, tikiti yanu ili kuti?"

"Ndine mwana wa dalaivala. Sindilipira."

"Nanga mutsikira pati?"

"Pamene mutsikire inu."

Meseji imeneyo ndinaitumiza ndisanaganize. Anaiwerenga, n'kuyang'ana kudenga ngati kuli chinachake chofunika kukonza.

"Kondakitala satsikira panjira. Amafika kudepoti."

"Ndiye kudepoti komweko."

Pakatha maola awiri Bambo ankaimika basi pamalo opumira. "Mphindi khumi. Okataya madzi akataye, wotsala watsala." Amayi ankalowa ndi tiyi akupukusa mutu, koma makapu ankakhala anayi. Pa mphindi khumi zimenezo, pakhonde lakuseri, m'pamene Kondakitala anasiya kunditchula kuti "inu". M'pamenenso anandiuza kuti bambo ake anamwalira iye asanawadziwe nkhope, ndi kuti akamva mawu oti "Kondakitala, tseka chitseko," amamva ngati ali ndi kwawo. Ndinam'konda. Sindidziwa kunena kwina.

Bambo anayamba kudya bwino, kumeta okha ndevu, kuseka mpaka kutsokomola. Ankawerenga maulendo awo. Anafika khumi ndi awiri osakanda ngakhale penti.

*

Achimwene anga, oyamba kubadwa, anali ndi maganizo ena. Anali ndi mnzawo wogulitsa magalimoto, munthu wa thupi labwino, wonunkhira kuyambira pageti, amene sankatha kulankhula osazunguza makiyi pachala. Ine ndi Amayi tinkamutcha Wamakiyi. Ndisamunamizire, ndiye ankatinyamula popita kuchipatala ndipo sanachedwepo. Kungoti ulendo uliwonse ankayang'ana ine pagalasi kuposa mmene ankayang'anira msewu.

"Mlongo wanga," Achimwene ankatero, "munthu uyu ndi wokhazikika. Uyo wa zidoleyo adzakudyetsa mawaya?"

"Ine ndinanena kuti ndili ndi njala?"

"Pakamwa pakopo m'pamene padzakugonetse panja."

Lamlungu lina anatulukira onse awiri basi ili paulendo. Wamakiyi anaima pakhomo n'kuona khushoni ija itagwera pansi, ine ndi Kondakitala mapewa atagundana. Makiyi anasiya kuzungulira.

Basi itaima anawomba m'manja. "Madala, ukatswiri sukalamba. Koma munthu ngati inu kumagwira pulasitiki, galimoto yeniyeni ili panjapa?"

Nkhope ya Bambo inawala. "Ndakhala ndikufuna kukupempha zomwezo, koma manyazi. Maulendo khumi ndi awiri, mwana wanga, osagunda. Dzanjali lachira. Likunjenjemera, inde, koma msewu likuudziwa."

"Loweruka m'mawa ndikubweretserani. Mukafike mpaka kumsika, anthu akuoneni." Ankalankhula ndi Bambo, koma maso anali pa Kondakitala.

Msewu wa kumsika ndi wotsetsereka, ndipo Loweruka umadzaza ndi njinga, amayi osenza madengu ndi ana.

"Bambo, paja adokotala anati…"

"Adokotala sanandionepo ndikuyendetsa. Iwe wandiona."

"Asiye," anatero Achimwene. "Ngati akutha apa mvula ikugwa, angalephere kumsika?"

Ndinayang'ana Kondakitala. Anali akupinda waya wopindapinda kale.

*

Lolemba tinakumana panja pa sitolo ya mankhwala. Tinayenda limodzi, iye akukankha njinga, ine nditafumbata kapepala ka mapiritsi.

"Ndimuuza Wamakiyi kuti asabweretse galimoto," ndinatero.

"Akufunsa chifukwa. Ukamuuza, walowa m'manja mwake. Ndipo akakana iyeyo, Bambo akabwereka kwina. Vuto si galimoto. Vuto n'loti akukhulupirira kuti achira."

"Ukanandikaniza tsiku lija."

Ndinadziwa kuti ndikumulakwira, koma munthu akagwira njakata amaluma amene ali pafupi. Sanapse mtima, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima ine.

"Ndikanakukaniza sindikanabweranso kwanu," anatero. "Ndinkadziwa zimenezo. Nanenso ndinali ndi changa chimene ndinkafuna. Usaganize kuti unandikakamiza."

"Chifundo chinapha nkhwali."

"Sichinaphe munthu pakali pano. Tili ndi masiku asanu. Tiye tikawauze limodzi lero."

"Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayambitsa ndine, ndiwauza ndine."

"Utha?"

"Ndi bambo anga."

Anaima, n'kundigwira chala chaching'ono, pamsewu pomwepo anthu akudutsa. "Akakwiya, akwiyire tonse. Usasenze wekha."

Lachiwiri ndinawapeza akupukuta nsapato zawo za kuntchito, zimene zinali zitachita nkhungu pansi pa bedi. Ndinati ndinena mawa. Lachitatu Amayi anandikokera kukhitchini, maso ali ndi misozi, n'kundinong'oneza kuti, "Wawamva? Bambo ako akuimba kubafa." Ndinati ndinena mawa.

Lachinayi ndinalimba mtima. Ndinawapatsa mankhwala a masana, n'kukhala pansi pambali pa mpando wawo.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Ndikuwadziwa."

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Ukuganiza kuti dalaivala saona kumbuyo? Basi ikalowa mumphanga kanema amada, ndiye ndimakuonani nonse awiri pagalasipo, mitu ili pamafoni, mano ali pamtunda." Anaseka. "Mchimwene wako ali ndi zake, koma mwana ndi wanga. Kondakitala ndi munthu. Anandipeza nditafa ndili maso, n'kundibwezera manja anga. Loweruka ndikabwerako kumsika, umuuze abwere tidzalankhulane ngati amuna."

Mawu amene ndinawadikira miyezi itatu anabwera pa ola limene sindikanatha kuwalandira. Ndinaika mutu pabondo pawo n'kulira, ndipo iwo anandisisita tsitsi poganiza kuti ndi chimwemwe.

"Wawauza?" inatero meseji ya Kondakitala madzulo ake.

"Mawa."

Lachisanu inabweranso. "Wawauza?"

Kenako anaimba katatu, foni ndinaivundikira pansi pa pilo.

*

Loweruka Wamakiyi anafika eyiti koloko isanakwane, galimoto yoyera itatsukidwa mpaka matayala. Anthu oyandikana nafe anali atatsamira kale pampanda, poti Bambo anali atalengeza mzere wonse wa nyumba. Anatuluka atavala malaya oyera, tayi ndi nsapato zowala. Atalandira makiyi, makiyiwo anayamba kulira okha m'dzanja mwawo, ngelengele, ndipo aliyense ananamizira kuti sakumva.

Ine ndinaima pakhonde. Ndinkadziuza kuti akatsegula chitseko ndinena. Anatsegula. Ndinati akakhala pampando ndinena.

Njinga inalowa pageti mwaliwiro. Kondakitala anaigwetsa pa kapinga, thukuta lili kamukamu. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo anapeza yankho limene ndinamubisira. Anapita n'kugwada pambali pa chitseko cha galimoto.

"Bambo, musananyamuke ndili ndi mawu."

"Nena msanga, Kondakitala. Nthawi yonyamuka yakwana."

"Ndi a m'nyumba, bambo."

Tinalowa tonse, Amayi, Achimwene, ndi Wamakiyi amene palibe anamuitana. Kondakitala anaima pafupi ndi tebulo lija, manja ali kumbuyo, n'kufotokoza zonse. Sanakometse, sanazungulire. Ananena za mabuleki odziponda okha, za basi yodzibwezera pamzere, za kunjenjemera kumene gemu inkakunyalanyaza.

Bambo anamuyang'ana.

"Ukutanthauza kuti maulendo onse aja…"

"Chiwongolero munkagwira ndinu, bambo. Njira munkasankha ndinu. Koma mabuleki ambiri sanali anu."

Bambo anaika makiyi a galimoto patebulo. Anakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa chiwongolero.

"Yatsa. Zothandizazo utseke."

"Bambo, sikofunika kuti…"

"Tseka."

Sanaone matayala, sanapemphere. Basi inatuluka padepoti n'kukanda chipilala pakona yoyamba. Anaibweza, inapitirira mbali inayo. Kutsogolo maloboti anafiira, ndipo tonse tinasiya kuyang'ana kanema, n'kuyang'ana mwendo wawo pansi pa tebulo. Unadzuka mochedwa, unanjenjemera m'malere, n'kufika pamabuleki phokoso litamveka kale. Sipanathe mphindi ziwiri.

Amayi anatuluka atagwira pakamwa.

"Mwaona, madala?" anatero Wamakiyi. "Ine ndikanakupatsani galimoto mukaphere anthu kumsika chifukwa cha bodza la munthu uyu."

"Wasandutsa bambo athu chidole chake," anatero Achimwene. "Kuti apeze polowera m'nyumba muno."

Bambo anakweza dzanja, onse anakhala chete. Ankayang'anabe basi yophwanyikayo.

"Mwana wanga ankadziwa?"

Ndinatsegula pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula.

"Ayi, bambo," anatero Kondakitala. "Nayenso ndinamunamiza. Ndinamuuza kuti chiwongolero chinali chisanamangidwe bwino, iye anangobwereza mawu anga."

Bambo anatembenuka kundiyang'ana. Ndinazyolika, ndipo iwo anaona ngati ndi manyazi a munthu wopusitsidwa. Mpata unalipo, wokwana kunena mawu atatu. Ndinausiya udutse.

"Miyezi itatu," anatero Bambo kwa Kondakitala, mawu ali pansi, "ndakhala ndikuvala tayi pamaso pako, iwe uli kumbuyo kwanga ukudziwa. Unkaseka?"

"Ayi, bambo. Ngakhale kamodzi."

"Ukanaseka bwenzi zili bwino. Unkandimvera chisoni. Ine ndakwezapo anthu makumi asanu ndi limodzi m'basi imodzi, ena ali ndi makanda, onse n'kugona tulo podziwa kuti kutsogolo kuli munthu. Lero mwana wadzana akundigwirira mabuleki mwamseri. Wachita bwino kunena. Wapulumutsa anthu a kumsika, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza. Tsopano nyamula katundu wako. Pakhomo pano usadzapondeponso."

Kondakitala anamasula chiwongolero patebulo, anapinda mawaya, n'kulongedza zonse m'katoni. Manja ake, amene sindinawaonepo akulakwitsa, analephera kawiri kutseka katoniyo. Podutsa pamene ndinaima sanandiyang'ane. Ndinadziwa kuti akutero pofuna kunditeteza, koma zinandiwawa ngati wandimenya.

*

Masana Amayi anawayeza Bambo kuthamanga kwa magazi ndi kamakina kathu, n'kundionetsa manambala osalankhula. Kukhitchini anandiuza monong'ona kuti, "Paja adokotala anati sitiroko yachiwiri siibweza munthu. Aliyense asamale pakamwa pake m'nyumba muno." Anandiyang'ana motalikitsa ponena zimenezo. Amayi anga si munthu wopusa.

Ndinadzitsekera kuchipinda n'kulemba meseji.

"Wachitiranji zimenezi? Bodza linali langa. Ndikupita kukawauza."

Yankho linabwera nthawi yomweyo, ngati foni anali ataigwira m'manja kudikira.

"Usawauze."

"Akuthamangitsa chifukwa cha ine."

"Andithamangitsa chifukwa cha zimene ndinachita. Ndinatsegula ndine."

"Nanga ife?"

Ndinaona kuti akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Lero ataya manja awo kachiwiri. Atsala ndi munthu mmodzi yekha womukhulupirira. Usawalande ameneyo. Za ife sindikudziwa. Ndimakukonda, koma sindikudziwa."

Ndinawerenga mpaka zilembo kusungunuka. Ndinkafuna kumukwiyira chifukwa chondisankhira, koma ndikanamukwiyira bwanji munthu amene ananena zimene ine ndinalephera masiku asanu? Wamantha ndinali ine, ndipo mphotho ya mantha angawo inali yoti ndikhalebe mwana wabwino.

Dzuwa litapendeka Bambo anandiitana. Anali atabwerera pampando wa pazenera. Malaya oyera anali atavula, atavala juzi yawo yakale yotuwa. Patebulo lodyera panatsala timabala tiwiri pamene chiwongolero chinkaluma thabwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Walira," anatero.

"Pang'ono."

"Lira, palibe mlandu. Nanenso anandigwira mtima mwana ameneyu. Lachinayi lija ndinalankhula ndisanadziwe, ndiye mawu aja uwaiwale."

Anayang'ana pageti. Kenako anapitiriza.

"Mchimwene wako wandipempha kuti abale a mnzakeyo abwere Lamlungu likubwerali tidzadziwane. Munthu uja ndi wamatama, ndikudziwa, amalankhula ngati wameza wailesi. Koma zake zonse zili poyera. Sindinamuyankhe mchimwene wako. Ndati ndiyambe ndamva kwa iwe."

"Bambo, si nthawi yake ino. Mupume kaye."

"Usandilankhule choncho. Aliyense m'nyumba muno amandigwira ngati dzira. Mayi ako amandibisira manambala a kamakina kaja. Mchimwene wako amandiuza kuti ndikuoneka bwino. Adokotala amalankhula ndi inu, ine ndili pomwepo. Iwe wekha, chidwalireni ine, sunandinamizepo."

Anatambasula dzanja lamanja lija n'kugwira langa. Linali lotentha, likunjenjemera, ndipo pamkono mtsempha unkagunda mofulumira moti ndinkauona ndi maso.

"Ndiye ndikufunsa iwe, ndipo chimene unene ndikhulupirira. Munthu amene watipusitsa tonse awiri, ukumufunabe?"

Pakhomo la kukhitchini Amayi anali ataima, mbale ili m'manja, akundipukusira mutu pang'onopang'ono. Ndinayang'ana nkhope ya Bambo. Inali itakalamba zaka khumi kuyambira m'mawa.

"Ayi, Bambo," ndinatero.

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu, n'kuitana Achimwene kuti amuimbire mnzawoyo foni.